Chinthembwe cha Amayi

M'mawa umenewo kunali chisanu cholowa m'mafupa. Amayi anandidzutsa kuti ndikaone chinthembwe chawo. Chinali chitatulutsa phesi la maluwa, kunsonga kutayamba kufiira. Anaima atagwira m'chiuno, akumwetulira ngati abereka mwana.

Ndinali mtsikana wa mwana mmodzi, Yotamu. Tinkakhala pamudzi pa amayi, kufupi ndi mtsinje wa Dwangwa, amuna anga ali pachikamwini. Kuseri kwa nyumba amayi anali ndi kamunda kotchinga ndi udzu. Munali nkhungudzu, tsabola, ndi mzere wa chinthembwe, chija cha masamba onenepa a minga m'mbali, chimene chimachita maluwa nyengo yozizira. Maluwa ake tinkaphika ndiwo. Madzi a m'masamba ake ndi owawa koopsa. Azimayi ofuna kuletsa mwana bere ankabwera kudzapempha tsamba.

Dzinja la chaka chimenecho mtsinje unasefukira. Madzi anagona m'kamundamo mpaka nkhungudzu inawola. Ataphwa, chinthembwe chinali chitagwa, masamba ali lendelende, akununkha. Ine ndinati tingotaya. Amayi anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anazula chimodzichimodzi, kudula mizu yowola, kupaka phulusa, n'kuyanika pamthunzi m'chigafa, pansi pa fodya wa amuna anga. Mabala atauma anawokera pamitumbira yaitali ya mchenga. Zambiri zinafa. Zochepa zinagwira, koma mochedwa.

Kuchedwako kunapweteka ine. Ndinali ndi pakati pena Yotamu akuyamwabe, ndipo kuchitsime anali atayamba kale kundinena. Amayi ankakana kudula tsamba. Ankati chikadali chodwala, tidikire chionetse maluwa. Tsono m'mawa umenewo anadula limodzi. Ndinapaka mabere onse awiri. Yotamu atalawa analavula, kundiyang'ana, n'kuyamba kulira. Ine ndinaseka. Ndinaseka ndithu, Mulungu ndi mboni.

Inu obadwa m'mbuyo simuwadziwa masiku a chitaganya, pamene tinkalimbana ndi boma la atsamunda. Dziko linali litatentha. Amuna a m'midzi yathu, pamodzi ndi bambo ake a Yotamu, anali atagwetsa mitengo mumsewu kuti magalimoto a boma asadutse. Dzuwa litangokwera tinamva malole a asilikali. Kenaka mfuti. Zinkalira mouma, ngati munthu akuthyola nsungwi.

Amuna anathawira kutchire. Ife azimayi ndi ana tinatsikira kudambo. Amayi anatuluka m'kamunda mpeni uli m'manja, anaiwala kuusiya. Moto tinausiya ukuyaka.

Dambo linali lisanaume chisefukireni mtsinje. Tinalowa m'bango, madzi akulekeza m'mawondo, ozizira mochita kuluma. Kumtunda utsi unayamba kukwera. Unkanunkha fodya, ndiye tinadziwa kuti zigafa zapita.

Yotamu ankalira. Ndinamupatsa bere, anakana. Ndinatsuka ndi madzi a m'dambo, ndinakwecha ndi matope mpaka khungu kusupuka. Analawanso, n'kukuwa kuposa poyamba. Chinthembwe cha amayi chinali chitachiradi.

Chapafupi tinamva nsapato ndi chilankhulo chachilendo. ANabanda, anansi athu amene ndinkatunga nawo madzi tsiku ndi tsiku, anandigwira pamkono. Anandinong'oneza kuti ndichoke naye mwanayo kapena ndimutseke pakamwa, apo ayi tonse tithera pompo. Lero sindiwada. Nawonso ana awo anali atawakakamira m'chiuno. Koma tsiku limenelo ndikadawaluma.

Ndinaika dzanja pakamwa pa mwana wanga. Mpweya wake unkatentha chikhatho changa. Maso anatong'oka. Timiyendo tinayamba kufooka. Asilikali ndinkawaopa, koma dzanja langa ndinaliopa kwambiri.

Amayi analichotsa dzanjalo. Anamasula nsalu yawo pachifuwa.

"Ndipatse mwanayo, iwe."

Bere lawo linali lofota, louma kalekale. Yotamu analigwira ndi manja awiri. Munalibe kanthu, koma silinali lowawa. Anakhala chete.

Amayi anakhala pansi m'madzi momwemo kuti bango liwabise bwino, mwana atamunyamula m'mwamba kuti asanyowe. Nsalu anafunditsa iye, wawo msana uli pamtunda. Nsapato zija zinadutsa, zinabwereranso. Wina anawombera m'bango chakumunsi, mbalame zinauluka. Amayi osagwedezeka. Mano awo ndinkawamva akugundana. Ndikati ndiwalandire, mwana ankayamba kudandaula, iwo n'kundikankha ndi chigongono. Anakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka.

Malole atapita sitinabwerere kumudzi. Tinalowera kumpoto, m'minda ya chimanga chouma, kupita kwa atsibweni anga ku Nkhamenya. Yotamu anakana msana wanga. Ndikamuyandikira ankabisa nkhope. Zinandiwawa, sindinama. Amayi anamubereka njira yonse. Mpeni uja anadulira nzimbe m'dimba la eni ake, n'kumatafuna, kumamudontheza madzi ake m'kamwa. Podutsa anawomba m'manja, kupepesa mwini dimba amene panalibe.

Atsibweni anatilandira osafunsa zambiri. Akazi awo anakoleza moto, natipatsa phala. Yotamu anamwa. Amayi anangolawa, nati chifuwa chawagwira.

Chinali chibayo. Ankagona pamphasa pafupi ndi moto, Yotamu ali pachifuwa pawo, poti kwina kulikonse ankakana. Tsiku lina anandifunsa ngati pothawa ndinatseka kakhomo ka kamunda, kuopa mbuzi. Ndinati ndinatseka. Anati ndine wabodza chibadwire, naseka mpaka kutsokomola.

Bambo ake a Yotamu anatipeza patapita masiku, mapazi atatupa, malaya atang'ambika. Anali atadzera kumudzi. Anagwada pakhomo, poti mkamwini sayandikira apongozi, nafotokoza ali panja. Nyumba inapsa, chigafa chinapsa, mpanda wa kamunda unapsa. Chinthembwe chinawauka masamba a m'munsi okha, ndipo chonse chimene chinagwira chinali ndi maluwa. Amayi anamvetsera maso ali chitsekere. Anati auzidwe aNabanda akathyole aphikire ana, zisangouma.

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinawamva bwino. Tinawaika komweko ku Nkhamenya, kumanda kwa eni ake.

Mwana wa m'mimba uja anabadwa wamoyo, mtsikana. Amuna anga tinakalamba nawo. Yotamu alipo, ali ndi imvi ndi zidzukulu, ndipo za m'bangomo sakumbukira kanthu.

Ine ndimakumbukira masiku otsatira maliro. Nkhalamba iliyonse ikabwera kudzatipepesa, Yotamu ankayenda dzandidzandi kupita pamene yakhala. Ankakoka nsalu ya pachifuwa, kuyang'ana kumaso, n'kubwerera. Sankalira. Ankangokhala pakhomo kudikira ina.