A Chigubu ndi Njuchi za Alamu Awo

Apongozi anga aamuna anthu amawatchula kuti a Chigubu. Dzinali linabwera chifukwa cha sipuleya yachikasu imene anaibereka kumsana zaka zoposa makumi awiri, kupopera mankhwala m'minda ya anthu. Wina tomato wake akagwidwa ndi mbozi, wina nyemba zikachita nsabwe, ankangoti, "Kaitaneni a Chigubu." Anali munthu wa mawu ochepa ndiponso wosamala. Mabotolo a mankhwala ankawandandalika pathabwa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, lililonse ndi kapu yake yoyezera, ndipo kiyi ankayenda naye m'thumba.

Alamu awo, mkazi wa malemu achimwene awo, ankaweta njuchi. Anali ndi ming'oma isanu ndi iwiri m'mitengo ya kumapeto kwa munda wawo. Awiriwa akakumana sankatha kuselewulana.

Chaka chimene ine ndinakwatiwa pabanjapo, mayiwa anafika m'mawa wina atasenza beseni lovundikira ndi nsalu. Analitula pakhonde osapereka ndi moni womwe.

"Lero mwandikumbuka, alamu?" anatero apongozi akuseka. "Mwatitengera chiyani?"

Mayiwo anavundukula. M'beseni munali njuchi zakufa zokhazokha, zina zikuphiriphithabe chagada.

"Dzulo munapopera kuti?"

"Mpendadzuwa wa aphunzitsi aja. Kutali ndi kwanu kumene kuja."

"N'kutali kwa inu oyenda ndi miyendo. Njuchi sidziwa malire a munda. Mpendadzuwawo uli ndi maluwa, inu n'kupopera dzuwa lili paliwombo, njuchi zili kalikiliki pamaluwapo. Mukanangondiuza, alamu. Pakamwa pokha."

Sanakalipe ayi. Anasiya beseni pomwepo n'kumapita.

Apongozi anawatsatira kukaona okha. Ming'oma inayi inali zii, pansi pake pali bii ndi njuchi zakufa. Atabwerako analowa m'kachipinda kawo, natenga botolo, n'kundiitana kuti ndiwawerengere timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo, poti maso awo anali atayamba kufooka. Chenjezo lokhudza njuchi linalipo. Panali ngakhale kachithunzi ka njuchi.

"Zaka zonsezi ndimangowerenga muyezo wa madzi," anatero chapansipansi.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inatalika. Mlimi akawaitana, ankayamba afunsa ngati mbewuzo zili ndi maluwa. Zikakhala nawo, ankati adikire, kapena apopere madzulo njuchi zitabwerera. Tsiku lopopera lisanafike, ankakwera njinga kukauza aliyense woweta njuchi kufupi ndi mundawo, kuti atseke makomo a ming'oma ndi waya wa sefa. Oweta njuchi analipo asanu, ndipo apongozi anadziwa pamene panali mng'oma uliwonse.

Alimi ena zinawanyansa. Mwini dimba lalikulu la kumtsinje anawauza maso ndi maso kuti, "Ine ndaitana wopopera, osati mbusa wa njuchi." Anapeza munthu wina. Apongozi anangokwera njinga kukauza alamu awo tsiku limene munthu winayo adzapopere.

Koma cholakwa chimene chinawapweteka kwambiri mtima chinabwera pambuyo pake, iwo akuyesa kuti zinthu azidziwa. Inali nyengo yotentha. Anauza alamu awo kuti apopera nyemba za pafupi m'mamawa, ndipo mayiwo anatseka ming'oma. M'mawa kunadzuka chimphepo, apongozi n'kuona kuti mankhwala angouluka. Anasiya, napita kukakonzetsa njinga. Zoti akanene kuti sanapopere sizinawabwerere m'mutu.

Mayiwo anadikira uthenga tsiku lonse, akuthira madzi pamasaka amene anafunditsa ming'oma. Pofika madzulo, mng'oma umodzi zisa zinali zitasungunuka ndi kutentha, njuchi zitafera m'kati.

Ulendo uno apongozi ndi amene anapita okha, chipewa chili m'manja.

"Poyamba paja ndinazipha ndi mankhwala. Lero ndazipha ndi kuiwala."

"Khalani pansi, alamu," anatero mayiwo. "Nanenso ndine wopusa. Mphepo ndinaiona, miyendo ndili nayo. Chinandiletsa n'chiyani kudzafunsa?"

Anagwirizana pomwepo kuti uthenga uziyenda kawiri: wina wonena kuti tsekani, wina wonena kuti tsegulani. Woweta njuchi akaona kuti wachiwiriwo wachedwa, asakhale phee, afunse. Mwamuna wanga anawagulira bambo ake kafoni ka mabatani, ndipo ine ndinawasungiramo manambala. Apongozi sanafune kuti oweta njuchiwo ndiwalembe ndi mayina awo. Anati ndilembe Njuchi 1, Njuchi 2, mpaka 5. Alamu awo atamva kuti iwo ndi Njuchi 1, anati, "Bola pamenepo, mwadziwa mfumukazi."

Mwini dimba uja anabwerera patapita zaka ziwiri. Maungu ndi nkhaka zake zinkangoyoyola maluwa osabereka bwino, ndipo wina anamuuza kuti vuto n'kusowa kwa njuchi. Sanapepese. Anangofunsa ngati mayi aja angalole kuika ming'oma iwiri m'mphepete mwa dimba lake. Apongozi ndi amene anakamunenera.

Panopa msana unawakana, ndipo sipuleya anaipereka kwa mkamwini wawo. Amakhala pampando wa pakhonde, foni ili pamwendo. Opopera a m'dera lonse, ngakhale amene sanaphunzire kwa iwo, amawaimbira kunena munda ndi tsiku, iwo n'kufalitsa uthengawo. Palibe anawasankha, palibenso amawalipira. Chaka chilichonse oweta njuchi amawatumizira mabotolo a uchi, koma adokotala anawaletsa zotsekemera chifukwa cha matenda a shuga. Uchiwo timadya ndife ndi adzukulu awo, iwo akungoyang'ana.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizimawawawa.

"Zimandiwawa ndithu," anayankha. "Tandipatsirani pang'ono pokha kunsonga kwa supuni, apongozi anu aakazi asanatulukire."