Maliro Opanda Mtembo ku Utale

Ntchito yauphunzitsi ndinaipeza chifukwa cha mwendo wa munthu wina. Mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ina ya mishoni cha ku Utale anagwa panjinga nathyoka mwendo, ndiye abambo mfumu anatumiza uthenga kwathu ku Ulongwe kuti mnyamata uja wangomaliza kosi yauphunzitsi abwere msanga. Munali m'zaka za m'ma 1950. Ahedi anandipatsa choko, kansanza kofufutira ndi kansungwi kolozera pabolodi, kenaka anandichenjeza: "Ana anuwo ena ali ndi ndevu. Musawaope, komanso musawachite chipongwe."

Phunziro limene ndinkadzitama nalo linali la ndakatulo. Ndinkalemba ndime pabolodi, n'kuilakatula kawiri, ana n'kutsatira. Tikatero tinkasaka zipangizo zake ngati tikufukula mbatata. Chifanifani tinkachidula mzere kunsi, mawu obwerezedwa tinkawazunguliza, ndipo pamene chinthu chopanda moyo chapatsidwa umunthu tinkaikapo kamtanda. Pomaliza ndinkafunsa mutu wa ndakatuloyo, kuti kwenikweni ikunena chiyani. Chimene ndinkachikhomerera koposa n'chakuti woyankhula m'ndakatulo si mlembi ayi. Mnyamata akhoza kulemba ngati nkhalamba, ngati mkazi wamasiye, ngakhale ngati khasu.

Amene anazigwira bwino anali Tomasi, mnyamata wamtali wosayankhulayankhula, amene tonse tinkamuyembekezera kuti adzakhoza mayeso opitira ku sekondale. Analemba ndakatulo ya mwana wamasiye, yokoma moti tsitsi linandiimirira. Ndinamusankha kuti adzailakatule tsiku lotsekera sukulu. Ine mlendo sindinkadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, bambo ake a Tomasi anapita ku migodi ya ku Joni iye akukwawa, ndipo anatchona, osalemba n'kalata yomwe. Chachiwiri, uthenga wa anthu ofera kunja unkabwera pasitima n'kufikira ku mishoni, choncho anthu ankadziwa kuti za imfa ife akusukulu timayamba kumva.

Tsikulo makolo anadzaza pansi pa mitengo ya mango. Tomasi anaimirira, manja kumbuyo monga ndinamuphunzitsira:

"Mgodi wa ku Joni, mfiti yosakhuta iwe,
wadya bambo anga, wandibwezera bulangete.
Metani, amayi, metani,
sitima yabwera yopanda munthu."

Ine ndinali nditakonzeka kuwomba m'manja. M'malo mwake ndinamva mfuu kumbuyo. Mayi wina anadzigwetsa pansi, manja kumutu, akutchula dzina la mwamuna. Anali amake Tomasi. Amayi anzawo sanafunse kanthu, poti maliro safunsa. Anangomasula nsalu, kumanga m'chiuno, n'kuyamba kulira nawo. Kalanga ine! Ndinaona amuna akuvula zipewa, wina atakwera kale njinga kukauza abale kumudzi. Ahedi anamenya chitsulo cha njanji chimene chinali belu lathu, koma ndani akanamva? Tomasi ankakuwa kuti iyayi, palibe uthenga wabwera, koma mawu ake ankangomira.

Pofika madzulo zinadziwika kuti palibe wafa. Apo ndiye panavuta zenizeni. Amalume ake a Tomasi, eni mbumba, anatikhazika pakhonde la ahedi, maso ali psuu. Anati mwanayo walaula mudzi, waika munthu wamoyo m'manda ndi pakamwa, ndipo ngati bamboyo angafe kumeneko, mlandu udzagwera mbumba yawo. Anagamula kuti sukulu yathera pomwepo, mawa akagwire khasu m'munda wa thonje.

Ndinayesa kufotokoza kuti amene amalira m'ndakatulomo si Tomasi, ndi mwana wongopeka. Amalumewo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Aphunzitsi, pakamwa paja panali pa yani?"

Ahedi anangoyang'ana pansi, ine n'kudziwa kuti mwana uja ndamutaya, ndipo ndinamva chisoni chosaneneka.

Amake Tomasi anali atakhala poteropo, fumbi lili mbuu thupi lonse. Anasendera pafupi, anagwada, n'kuyankhula ndi mawu osasa. Anati zaka zonsezi iwo sanali wokwatiwa, sanalinso wamasiye. Kumaliro a anzawo ankalira mobera, chifukwa mwamuna wosafa saliridwa.

"Achimwene, lero ndalira poyera koyamba, ndipo m'chifuwa muno mwapepuka. Mwanayu sanaphe munthu. Wangonena zimene ine ndinkaopa kunena. Musiyeni aphunzire."

Amalume aja anatola chipewa chawo, anachigwedeza fumbi, n'kunyamuka osatsanzika. Sanabweze mawu awo, koma sukulu itatsegulidwa Tomasi anali pabenchi yake, ndipo palibe anabwera kudzamuchotsa. Bambo ake a Tomasi sanabwerere, ndipo uthenga wa imfa yawo sunafikenso.

Ndaphunzitsa ndakatulo mpaka imvi, ndipo mizere ija ndi timitanda ndinkalembabe. Koma ndinasiya kuthamangira kuuza ana mutu wa ndakatulo. Ya Tomasi ndikanalumbira kuti ndi ya imfa, pamene inali ya anthu odikira amene saloledwa ngakhale kulira. Kuyambira pamenepo, mwana akandibweretsera ndakatulo yachisoni, ndinkaika choko pansi n'kuyamba ndamufunsa kuti kunyumba kuli bwanji.