Amalume ndi anthu awo a m'makutu

"Pita ku Halale konko, amalume akowo tiwasiyira mbuzi ziziwayang'anira," anatero amayi, osacheuka n'komwe. Ndinali nditangowauza kuti munthu wa Sitandade 4 ngati ine, wodziwa Chingelezi kuposa bwana wa ku boma, sangaolere ku Kasenengwa akulondera mkulu wandevu zake.

Amalume amamva anthu amene ife sitiwamva. Zinayamba ine ndisanamere mano. Tsiku lina anang'amba chitupa pamaso pa mesenjala, a boma n'kuwatumiza kuchipatala cha amisala kumwera, zaka zisanu ndi chimodzi. Atabwerako mudzi wonse unati achira. Sanachire. Anangophunzira kuyankha motsitsa mawu.

Masiku abwino amasankha fodya pa famu ya mzungu, ndipo palibe wowaposa: tsamba akangoligwira adziwa kale mulu wake. Masiku oipa amakhala patsinde pa nkhokwe n'kumawomba m'manja, "Ndamva, ndamva, pepani," kupepesa mphepo. Nthawi zina amangonyamuka osatsazika. Ndawalondola mpaka ku Chipangali maulendo chikwi. Chabwino, atatu, koma mapazi anga amati chikwi. Ndatopa. Amayi atopa kundiposa, kungoti iwo satchula.

Mnzanga wina amene tinali naye ku sukulu ya mishoni amakolopa m'chipatala chomwecho. Ndinamulembera kalata n'kukaiponya ku positi ku Fort Jameson. Ndinati amalume amalankhula ndi gulu lodzaza matchalitchi awiri, ine ndaonda ngati bango, undiuze tsiku limene matendawa amatha kuti ndimange katundu. Ndinkangofuna tsiku basi, ngakhale la chaka cha mawa.

Yankho linafika patatha mwezi, amalume ali pakhonde akusoka thumba, akuseka ndi anthu awo.

"Iwe, bango lonenepa ngati iwe sindinalionepo. Za tsikulo, kuno palibe amalidziwa, ngakhale dokotala. Ena amachira ndithu, amapita kwawo osabweranso. Ena ndinawapeza muno ndipo adzafera muno, poti palibe wakwawo anabwera kudzawatenga. Ambiri ali ngati amalume ako, lero fodya, mawa nkhokwe, mpaka imvi. Ukachoka, amayi ako okha sangawalondole ku Chipangali, ndipo mesenjala akawapeza pamsewu n'kuwabweza kuno, ndidzakhala ndikukolopa pansi pa bedi lawo. Ntchito ndikhoza kukupezera kuno. Bedi lakale la amalume ako nalonso likadalipo, lili pafupi ndi zenera."