Pepala Lokana la a Tibbs

A Cleophus Tibbs anasenda milamba zaka makumi atatu ndi chimodzi pa fakitale ya kunja kwa tauni, mpaka tsiku limene eni ake anamanga unyolo pageti n'kupita osatsazika munthu. Chimene anachokako nacho ndi zala zokana kupindika kukazizira, ndi wotchi yapamkono imene inaima chaka chisanathe. Akazi awo anamwalira patapita zaka zinayi. Ana awiri ali ku Memphis, ndipo amaimba foni pa Khirisimasi akakumbukira. Zimene zinawatsalira ndi nyumba yodontha kukhitchini, kandalama ka ukalamba kochokera kuboma, ndi galimoto, Buick yotuwa imene yaona zaka makumi awiri za maenje a misewu ya Mississippi.

Galimotoyo ndiyo ntchito yawo tsopano, ngakhale palibe amene amawalipira. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu amanyamula Mayi Odessa Greer kupita nawo ku Greenwood kukasefetsa magazi pamakina, popeza impso za mayiwo zinaleka kugwira ntchito. Ndi ulendo wa ola lathunthu pakati pa minda ya thonje ndi soya. Kale chipatala chinali pafupi, koma amuna ovala mataye anakhala pansi n'kupeza kuti odwala a kuno sabala phindu, n'kuchitseka.

Kalata ya inshuwalansi ya galimoto inafika Lolemba. Mtengo unali utakweranso, osati chifukwa a Tibbs anagunda kanthu, koma chifukwa akalamba. Anavala magalasi n'kuitsata ndi chala mzere ndi mzere, mpaka anaima pamene panalembedwa za oyendetsa opanda inshuwalansi: madola khumi ndi asanu ndi anayi pamwezi. Tanthauzo lake ankalidziwa. Munthu wopanda inshuwalansi akakugunda, kampani yako yomwe ndiyo imalipira chipatala, chako ndi cha aliyense amene wakwera nawe. Koma lamulo limati aliyense akhale ndi inshuwalansi yake. Ndiye iwo, amene amadula mapiritsi a kuthamanga kwa magazi pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi, azilipiriranji machimo a anthu oswa lamulo? Anaimba foni ku ofesi ya inshuwalansi kuti mzerewo uchotsedwe. Anawayankha kuti pakamwa pokha sizitheka, abwere adzasaine pepala lokana.

Lachitatu pobwerera kuchokera ku Greenwood anakhotera ku ofesiko. Mayi Odessa anali atadzifunditsa bulangete pampando wakutsogolo, nkhope itatuwa monga imachitira akachoka pamakina.

"Dikirani pang'ono, achemwali, sindichedwa."

"Mundisiye m'galimoto ngati galu? Bweretsani mkono kuno."

Analowa pang'onopang'ono, wina akutsamira mnzake, osadziwika bwino amene akuchirikiza. Pa desiki panali Shondra, mayi wa ana awiri tsopano, koma kwa a Tibbs akadali kamtsikana kamene kankaba mapichesi kuseri kwa nyumba yawo.

"Agogo Tibbs! Mwabweradi? Ndimayesa mtima utsika pofika lero."

"Mtima wanga usakukhudze, wakuba mapichesi iwe. Tulutsa pepala."

Shondra analitulutsa, koma analigwira ndi chala patebulo. "Ine ndingonena kamodzi, chifukwa ntchito imandilamula, komanso chifukwa amayi akamva kuti ndinakhala chete andimenya. Tayang'anani panjapo. Magalimoto ali apowo eni ake mukuwadziwa onse. Ndi angati amene mungalumbire kuti ali ndi inshuwalansi lero?"

"Onse ali ndi makadi a inshuwalansi."

"Makadi!" Shondra anaseka. "Makadi ndimawapatsa ndine. Munthu amalipira mwezi umodzi, khadi n'kutuluka lolembedwa miyezi isanu ndi umodzi, basi, sindimuonanso mpaka chaka chamawa. Khadi lili m'galimoto, inshuwalansi inafa kalekale."

A Tibbs sanafunikire kuuzidwa zimenezo. Mwambo umenewu unayamba Shondra asanabadwe, ndipo makadi asanabwere anthu ankangoyenda opanda kalikonse. Kuno munthu wopanda galimoto alibe ntchito, pakuti basi kulibe, ndipo malipiro a pafakitale sankakwanira lendi, mafuta ndi inshuwalansi zonse pamodzi. Chimodzi chinkayenera kugona ndi njala. Iwo eni anayenda choncho zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ankadzitcha ochenjera.

Kuchenjerako kunathera pamphambano ya pafupi ndi chigayo cha thonje, m'mawa wina wa chifunga m'chaka cha 1989. Anachedwa kuntchito, sanaime pachikwangwani, ndipo anawomba kumbali galimoto ya Otha Greer, mlongo wake wa Mayi Odessa. Otha anali mmisiri wofolera nyumba. Mwendo wake unathyoka patatu ndipo sanakwerenso makwerero. Inshuwalansi ya Otha inali yolipira ena iye akalakwa, osati yomuthandiza iye akalakwiridwa. Loya wa Otha anabwera, anayang'ana nyumba ya lendi ya a Tibbs ndi ana awiri opanda nsapato, n'kubwerera osatsika n'komwe m'galimoto. Otha anagulitsa malo amene bambo ake anamusiyira kuti chipatala chimusiye. A Tibbs anayamba kumupititsira milamba Lachisanu lililonse, yosendasenda, yokulunga m'pepala. Ankaisiya pakhonde, Otha ankagwedeza mutu, ndipo zinatero zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mpaka Otha anamwalira, osatchulapo za mwendo ngakhale tsiku limodzi. Impso za Mayi Odessa zitafooka, palibe anawapempha a Tibbs. Anangoimika Buick pakhomo Lolemba lina n'kuliza hutala.

Tsopano anali ataimirira pa desiki, cholembera chili m'zala zawo zouma.

"Ine ndimayendetsa bwino," anatero. "Zaka makumi atatu ndi zisanu, ngakhale nkhuku sindinaponde."

"Nkhani si ya kuyendetsa kwanu, agogo. Ndi ya winayo."

"Winayo alipire yekha! Boma lili ndi apolisi, lili ndi makhoti. Agwire anthu awo. Ine ndikhale wolipirira dziko lonse? Kampani yako yandidya zaka zonsezi, yandibwezerapo chiyani? Kalendala!"

"Kalendala yake n'njokongola," anatero Mayi Odessa ali pampando wa pakhoma, maso ali chitsinzinire. "Shondra mwanawe, tandiuza. Chimene akufuna kuchotsachi, ine chimandikhudza?"

"Chimakukhudzani, amayi. Aliyense wokwera m'galimotomo."

"Ndiye akasaina, wina n'kutiwomba pamsewu wa Greenwood, chiuno changa n'kusweka, ndani alipira?"

Shondra anayang'ana a Tibbs, kenako pepala. "Chithandizo cha boma chilipira mbali yake. Zotsalazo, muyenera kukamusumira wokugundaniyo."

"Amene alibe kanthu."

"Kawirikawiri amakhala alibe kanthu."

Mayi Odessa anatsegula maso. Sanakweze mawu, analibe mphamvu zake.

"Achimwene, sainani ngati mukufuna, galimoto ndi yanu, ndalama ndi zanu. Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi chimene Otha sanakuuzeni chifukwa anali munthu waulemu kuposa ine. Milamba ija sankadya. Fungo lake lokha linkamuchititsa nseru. Ndinkadya ndine ndi ana, ndipo tinkathokoza. Koma ine ndakalamba, a Cleophus. Mnyamata wina akandithyola, sindikufuna kuti azidzandisiyira nsomba pakhonde."

Shondra anapeza chochita m'kabati ya mafayilo. A Tibbs anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Linali lalifupi, la mizere isanu ndi umodzi, lolembedwa mwaulemu ndi anthu amene sanayambe adulapo piritsi pakati. Mkwiyo wawo sunathe, ndipo sunali wolakwa. Ndi zoona kuti wosauka womvera lamulo amalipira kawiri, kulipirira iye mwini ndi kulipirira wosauka mnzake, pamene amene anatseka fakitale ndi chipatala akugona tulo tabwino kwina. Koma kulondola kwa mkwiyo sikulumikiza fupa. Ndipo winayo, amene ankamutukwana kuyambira Lolemba, ankamudziwa nkhope: mnyamata wochedwa kuntchito, wa ana awiri, wodzitcha wochenjera.

Anaika cholembera pansi.

"Chotsa pepala lakoli."

"Ndisiye momwe zilili?"

"Ndanena Chingerezi chovuta? Siya. Koma uwauze mabwana ako kuti ndi akuba, ndipo ulembe dzina langa pansi pake."

"Ndiwauza, agogo. Amakonda kumva za inu."

Kubwerera kugalimoto kunatenga nthawi kuposa kubwera. Anawakhazika Mayi Odessa, anawamanga lamba, anazungulira n'kukhala pachiwongolero osaliza injini. Madola khumi ndi asanu ndi anayiwo anayenera kuchokera penapake, ndipo pamapiritsi panalibenso podula. Kenako analiza injini, ndipo atalowa mumsewu anatambasula dzanja n'kuzimitsa choziziritsa mpweya, n'kutsitsa mawindo onse anayi. Mphepo yotentha ya mwezi wa Ogasiti inalowa ndi fumbi la m'minda.

"Mukutani kodi?"

"Chimamwa mafuta."

"Mukufuna kundiwotcha wamoyo?"

"Mwafunda bulangete, achemwali."

"Bulangete ndi langa, musalilowetse m'nkhani. Ndiye tiziyenda chonchi mpaka liti?"

"Mpaka kuzizire."

Mayi Odessa anang'ung'udza kanthu kokhudza amuna ouma mitu ndi kumene amathera, n'kutembenukira kuwindo. Asanafike pa mlatho wotulukira m'tauni anali atagona, kukamwa kuli yasa, tsitsi lawo la imvi likuuluzika. A Tibbs anayendetsa ndi manja onse awiri, thukuta likutsikira m'khosi, akuganiza kuti Lachisanu adzanyamule botolo la madzi oundana.