Phiri la pa Bolodi

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kumeza choko. Ndinajambula pa bolodi maulendo a njinga ziwiri, nthawi ikuyenda chopingasa m'munsi, mtunda ukukwera m'mbali. Mzere wina unali wokwera kwambiri, wina wogona. Ndinafunsa ana anga a Sitandade 8 kuti wathamanga ndani.

Elube, mtsikana yekhayo m'kalasimo, anaimika dzanja. "Wa mzere wogonawo, aphunzitsi. Winayo ali pachitunda, watsika panjinga, akukankha."

Kalasi yonse inavomera. Ha! Ndiwakalipire bwanji? Ana amenewa anabadwira m'mapiri, amaona azibambo awo akukankha njinga za mbatata popita ku Lizulu. Kwa iwo chokwera chilichonse ndi thukuta.

Ndinaseka, koma mantha anandigwira. Bambo ake a Elube adandiuza kale kuti akalephera mayeso a boma chaka chino, sukulu yathera pomwepo, akwatiwe.

Ndinawatulutsa onse kubwalo la mpira, lomwe ndi lathyathyathya ngati mphasa. Ine ndikuwomba m'manja kuwerenga nthawi, Elube anathamanga, kenaka n'kuyenda, kenaka n'kuima chilili. Anzake ankalemba pa masileti pomwe wafika. Titalumikiza madontho, mzere unakwera njo! pothamanga paja, unapendekeka pang'ono poyenda, n'kugona poima.

"Mayo ine! Phiri lachokera kuti pabwalo pano?" anatero Elube akuseka. Kenaka analoza pogonapo. "Ndiye kuti apa si chigwa ayi? Ndinangoima nthawi ikupita?"

"Eya mwananga, wakhoza."

Owerenga anzanga, funso la mwanayu landisowetsa mtendere sabata yonse. Kodi si ife tomwe timakonda mzere wogona? Mwana wamkazi akasiya sukulu timati wapuma, pakhomo pabwera bata, mtondo wapeza mwini. Tikamuona akuvutika ndi masamu, timamumvera chisoni ngati wokankha njinga, osadziwa kuti ndi pomwe akudya mtunda. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, koma ungasiye phazi liti uli chilili?

Madzulo ake Elube anapita ndi sileti kwawo osafufuta. M'mawa anandiuza kuti bambo ake anaiyang'ana n'kunena kuti, "Phiri ili ndikulidziwa, lili kuseri kwa Nzama."

Ndinaseka mpaka misozi. Koma inu bambo a Elube, ndi nonse amene muli ndi ana aakazi, mwana ali paliwiro chonchi, mukumuimitsiranji?