Akuti khonde ndi la alendo enieni

Zikomo kwambiri a pa esiteti ya tiyi ija, Loweruka lapitali mwandiphunzitsa Chichewa. Ine mphunzitsi wathunthu wa ku Bvumbwe, sindinkadziwa kuti mawu oti "alendo" ali ndi khungu lake.

Amayi anga anatchola tiyi pa esiteti imeneyi kuyambira ali mtsikana mpaka msana utakana. Pamwamba pa chitunda pali nyumba yakale ya bwana, ya nthawi ya atsamunda, imene pano anaisandutsa malo ochezera. Umakhala pakhonde, n'kumamwa tiyi ukuyang'ana phiri la Mulanje, kenako amakutengera ku mathithi a m'nkhalango kumunsi. Amayi nyumbayi ankangoionera kumunda, dengu lili kumsana. Tsopano maso awo achita ng'ala, akuona mwachimbuuzi. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti akamwe tiyi pakhonde lija maso asanatheretu. Sanapemphe malata, sanapemphe feteleza.

Ndinaimba foni pasadakhale. Ndinathyola Chingerezi changa cha m'kalasi, ndipo mtsikana wa pa risepushoni anali shuga yekhayekha. Akuti bwerani madamu, tebulo lanu likhala loyang'ana kuphiri.

Loweruka ndinalawirira kukawatenga amayi kwa Khwethemule. Chitenje chatsopano, duku wake wofanana, nsapato zopitira ku tchalitchi. Tinafika pageti cha m'ma teni pa njinga zamoto za kabaza, fumbi lofiira mpaka m'nsidze.

Mlandu wathu woyamba unali kupereka moni. Amayi anawerama pang'ono n'kuwomba m'manja, monga analeredwera. Mlonda wa pagetipo anatiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kutiuza kuti Loweruka salemba ntchito, komanso geti la antchito lili kuseri kwa fakitale. Ndinati bambo, tabwera kudzacheza, ndinaimba foni. Anatsegula ngati akutsegulira mbuzi m'munda mwake.

Pa risepushoni ndinalakwanso, ndinayankhula Chichewa. Shuga yense uja anasungunuka pomwepo. Mtsikana uja akuti pepani, lero pakhonde sizitheka, tili ndi alendo. Ndinasuzumira. Azungu anayi pa tebulo limodzi, matebulo ena onse ali mbee. Ndinamufunsa kuti nanga ife ndife ndani? Akuti iye akunena alendo enieni.

Alendo enieni! Ndiye kuti ife ndi a feki? A pa kaunjika?

Anatikhazika pa benchi kuseri kwa khitchini, akuti tidikire pang'ono. Pang'ono wakeyo, dzuwa linafika paliwombo. Malo abwinotu, musanyoze. Phiri la Mulanje silinkaoneka, koma tinaona mabini, mpopi wotsukira mbale ndi galu wonenepa kuposa ine. Tiyi ankatidutsa pa thileyi. Ife fungo lokha, mwina ndilo gawo la anthu akuno. Galimoto yopita ku mathithi inanyamuka tikuona, mipando ya kumbuyo ilibe munthu. Nditafunsa, akuti imeneyo ndi ya alendo.

Ndinayamba kutentha. Amayi anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti ndisakalipe, pano ndi pa eni ake. Pa eni ake! Mayi amene zala zake zinathera pa masamba amenewa. Ndinawamvera, misozi ili lengelenge, chifukwa ulendowu ndinaukonza ndine ndipo ndinawalonjeza.

Dzuwa litapendeka kunabwera bambo wa tayi, akuti ndiwo a manijala. Akumwetulira, mano onse panja, agogo uku, agogo uko. Ndinati eya, Mulungu si Jemusi, kupepesa kwafika. Kenako ndinaona kuti m'manja mwawo muli dengu lotcholera tiyi.

Akuti alendo abwerako ku mathithi ndipo akufuna chithunzi ndi mayi weniweni wotchola tiyi, koma tsoka ilo antchito aweruka kale. Agogowa akuoneka bwino kwambiri, akuti ndi orijino. Angobereka denguli pang'ono, amwetulire, akatha awapatsa kapu ya tiyi yaulere pakhonde pomwepo.

Mwamva? M'mawa sitinali enieni. Masana amayi asanduka enieni. Khonde lija linatseguka, kiyi wake anali dengu.

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anaimirira pang'onopang'ono. Anakonza duku wawo. Analipapasa dengulo ndi dzanja, poti maso sakuwathandiza, n'kulibweza kwa mwini wake mwaulemu.

"Bambo, dengu ili ndinalitula kalekale. Lero ndinabwera kudzakhala pansi."

A manijala anatsala akumwetulirabe, osadziwa kuti mano awabise kuti. Ife tinatuluka, pa geti la kutsogolo.

Tsopano ndiyankheni, inu a pa esiteti. Mlendo ndani? Pa foni ndinali madamu, pamaso ndinasanduka chiyani? Ngati khondelo ndi la khungu limodzi, lembani chikwangwani pamsewu, tisamavute makolo athu ndi fumbi. Mtsikana uja ndi mlonda uja sanadziphunzitse okha zimenezi, anawaphunzitsa ndani? Ndalama yanga sindikuilira, simunafike n'poilandira pomwe. Ndikufuna mundiuze tsiku limene amayi anga adzakhale pa tebulo limene munalonjeza, opanda dengu, ndipo mufulumire chifukwa maso awo sakudikira.

Anzanga amene mukuganiza zopita ndi makolo kumeneko, malangizo anga ndi awa: moni musapereke, Chichewa musiye pageti, ndipo duku abise m'chikwama.

Panjira amayi anandifunsa ngati phirilo limaonekadi bwino ukakhala pakhonde paja. Ndinawauza kuti inenso sindinafikepo.

Titafika kwa Khwethemule, bambo wa kabaza amene anawanyamula anafuna kutembenuka. Amayi anakana. Anamutulutsira mpando pakhonde pawo, anatereka madzi, n'kumuthirira tiyi m'kapu yawo yadothi ija imene ife ana sitiigwira. Nditati amayi, munthuyu ali pa ntchito, anandidzudzula kuti mlendo sabwerera kukhosi kuli gwa.

A manijala, mukadzadutsa kwathu mudzapatuke. Mpando ulipo, tiyi mudzamwa. Dengu sitidzakuberekani.