Ntchito Yanga Inali Yotumbula Nsomba

Pa esiteti ya tiyi imene ndinkagwirapo ntchito, munthu akandifunsa kuti ndimachita chiyani ankayamba waseka ndisanamalize kuyankha. Anzanga ankathyola tiyi, ena ankasonkhezera moto ku fakitale, koma ine ndinkatumbula nsomba n'kumaona zimene zadya. Zinali zaka za Chitaganya. Ndinali ndi mkazi ndi ana awiri, tikukhala pa laini ya kampani m'tsinde mwa phiri la Mulanje.

Damu lake silinali lalikulu. Anangotseka kamtsinje kochokera m'phiri, ndipo mitengo imene inali m'chigwamo sanavutike n'kuidula, madzi anaimiza ili chiimire. Kumtunda kwa damulo nthambi zouma zinkatulukira pamwamba pa madzi, pansi pake pali mdima. Ukaponya mbedza kumeneko sunkaionanso.

Bwana wamkulu anaitanitsa nsomba zakunja, zinabwera m'migolo pa lole. Azungu anali ndi dzina lawo la nsombazo, ife tinkangoziti zikamwa, chifukwa kukamwa kwake kunali ngati thumba la jekete. Loweruka masana ndi Lamulungu azungu ankabwera ndi mbedza zawo zamawilo. Nsomba iliyonse imene akola inkadutsa m'manja mwanga: kuiika pa sikelo, kuing'amba pamimba, n'kuuza kalaliki zimene ndapezamo kuti alembe. Bwana akandifunsa kuti, "Chaka chino ziliko?" sindinkayang'ana madzi, ndinkayankha za m'mimba. Mukapezeka matemba, achule ndi nkhanu, ndiye kuti zinthu zili bwino. Zikayamba kudya ana awo omwe, ndiye kuti m'damu mwagwa njala.

Milamba bwana ankadana nayo, ankati imatha mazira a nsomba zake. Choncho madzulo dzuwa lisanalowe ndinkatchera mbedza zazikulu, m'mawa n'kukawonjola. Nayonso ndinkaitumbula kuti tione ngati yadya ana a zikamwa, ikatero inali yanga. Loweruka lililonse mlamba wonenepa kwambiri ndinkapita nawo kwa amayi, kumudzi kutsidya kwa msewu.

Kumudziko amayi ankakhala ndi mng'ono wanga, mzime wa m'nyumba mwathu. Iyeyu ankanyamula matabwa a mkungudza pamutu kuchokera ku Chambe, pamwamba pa phiri, ndipo fungo la mkungudza silinkamuchoka ngakhale asambe. Ankalowa m'nyumba, fungo litayamba kale kulowa. Pakamwa pake sipankauma nthabwala. Ine ankandiitana kuti a dokotala a milamba, ndipo ankati tsiku lina ndidzamutumbula iyenso kuti ndione ngati anaba chinangwa. M'khosi ankavala mendulo ya Mariya imene amayi anabwera nayo kuchokera kutsidya kwa malire. Ali khanda anaitafuna mano akumera, ndipo inapindika pang'ono mbali imodzi.

Anthu akuda sankaloledwa kuwedza m'damumo, ndipo woletsa ndinali ine. Mng'ono wangayo ankadziwa zimenezi, koma ankabwerabe, n'kukhala poyera pa khoma la damu, mbedza ili m'madzi, akuimba likhweru. Kawiri ndinamuchonderera. Kachitatu kapitawo anamuona, n'kundiuza kuti ngati ndikulephera kuletsa m'bale wanga, alipo ambiri ofuna ntchitoyo. Ine sindibisa, ndine wopsa mtima msanga. Ndinatsetsereka, ndinamulanda nsungwi yake n'kuithyola pabondo.

"Ndikadzakuonanso pano ndikakunenera kwa bwana ndekha," ndinatero. "Ngati ndiwe mwamuna, kawedze kumtunda uko kumene sindikuona."

"Chabwino, achimwene," iye anatero, akutola zidutswa za nsungwiyo. "Koma mukapsa mtima mumafanana ndi milamba yanu."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kwa iye. Sabata yotsatira kunagwa chiperoni cha masiku atatu, nkhungu yoti sungaone munthu ali pakhomo la mnzako. Tsiku loyamba la chiperonicho anatuluka m'mawa ndipo sanabwerere. Kutayera ndinapita kumtunda kwa damu, ndipo ndinapeza nsungwi yatsopano yozikidwa m'matope, pambali pali kachitini ka nyongolotsi. Chingwe chake chinali chitakodwa pa nthambi, mikono ingapo kuchokera m'mphepete mwa madzi. Munthu wosauka sasiya mbedza yake m'madzi, amailowera. Mfundo ya pa nsungwiyo ndinaidziwa, chifukwa kamangidwe kake ndinamuphunzitsa ndine.

Tinafufuza masiku anayi ndi bwato ndi mapolo aatali, koma chilichonse chimene tinkakoka chinali nthambi. Tinapempha kuti aphwetse damu, bwana anati sizingatheke, madziwo ndi amene akuthirira nazale ya tiyi.

Amalume anasonkhanitsa abale n'kunena zimene aliyense ankadziwa: munthu akatayika m'madzi, timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu ndi mphasa, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti mzimu wake upeze pogona. Amayi anamvetsera mpaka amalume atamaliza.

"Jekete yake ili kuti?" anafunsa. "Munthu wopita kukawedza amavala jekete yake yakutchalitchi? Mnzake wonyamula naye matabwa uja wapita ku Halale sabata yomweyi. Mwana wanga wamutsatira. Inu achimwene, mukufuna kuika thunthu la munthu wamoyo? Mukudziwa chimene chimachitika. Mukufuna mundiphere mwana ali pa ulendo?"

Jeketeyo inasowadi, koma kunja kunali kuzizira kotani m'mawa umenewo. Ndikanatha kunena zimenezi, ndi za mfundo ija. Ndinakhala chete, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanafika pa mawu amene ndinamuuza pa khoma paja. Thunthu silinaikidwe.

Kuchokera pamenepo anthu a pa laini anasiya kudya nsomba za m'damu. Ngakhale akuba anasiya. Mkazi wanga anandiuza kuti mlamba usadzalowenso mumphika wake. Nsomba zinaswana, zinanenepa, ndipo bwana anakondwa kwambiri, anati sanaonepo chaka chabwino chotere. Azungu ankabwera mpaka ochokera ku Limbe.

Amayi okha ndi amene anatumiza mawu: "Loweruka ubwere ndi ndiwo zanga monga kale." Ankaphika okha, n'kuyala mphasa pakhonde, poonekera anthu onse odutsa. "Khala apa tidye," ankatero. "Aone. M'madzi amenewo mulibe mwana wanga." Ndinkadya nawo, ndipo penapake ndinayamba kukhulupirira. Masiku a msika ankayenda ulendo wonse wa ku Nkando kukafunsa amuna otsika basi ndi masutikesi ngati anaona mnyamata wamtali, woseka, wovala mendulo yopindika.

Inali nyengo yotentha, mango atayamba kupsa, pamene ndinawonjola mlamba waukulu kumtunda kuja. Linali Loweruka m'mawa. Ndinaugoneka pa mwala wanga wotumbulira, ndipo mumtima ndinati uwu ndi wa amayi. Mpeni utalowa ndinamva kuti wagunda kanthu kolimba. Milamba imameza chilichonse, ndinapezamo kale timiyala, mabatani, ngakhale chivindikiro cha botolo. Ndinapisa chala, ndinatulutsa, ndinatsuka m'madzi. Kupindika kwake kunali komweko, mbali imodzi.

Sindinalire. Ndinakhala pa mwalapo mpaka ntchentche zinadzaza nsombayo. Kenako ndinakumba dzenje pansi pa mtengo wa mbawa n'kuikwirira yonse. Kalaliki atafunsa ndinati mbedza zagona ndi njala. Ndinapita pa mpopi, ndinasamba m'manja ndi sopo kangapo konse, n'kupita kwa amayi chimanjamanja. Ndinanyamuka nditatsimikiza kuti ndikawauza. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde, anandiyang'ana, ndipo ine ndinati, "Lero sizinakole." Iwo anati, "Zidzakola."

Sabata yotsatira anatuma mwana wa mlongo wanga kudzafunsa za ndiwo. Ndinapita nazo. Ndinati m'mimba mwanga simukufunanso nsomba, ndipo sanandikakamize. Ndinkakhala pambali n'kumawaona akudya pang'onopang'ono, akuchotsa minga. Ku Nkando anasiya kupita, ine ndinkati ndi miyendo yatopa.

Zinatero zaka zinayi. Mendulo ndinaisokerera mkati mwa lamba wanga. Ntchito sindinasiye, ana anafunika kudya, koma mimba iliyonse imene ndinkang'amba ndinkayamba ndatseka maso. Kukagwa chiperoni, ndikamapalasa bwato kupita ku mbedza za kumtunda, ndinkamva fungo la mkungudza pamadzi, pamalo pamene panalibe mkungudza ngakhale umodzi. Nthawi zina chingwe chinkakoka kawiri, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wokukoka malaya kuti utembenuke, ndikakweza n'kupeza nyambo ili bwinobwino. Sindinkaopa kuti mng'ono wanga andichita choipa. Chinkandipweteka n'choti ali pomwepo, pozizira, alibe manda, ndipo amene akumutsekereza ndi ine. Ndinkadziuza kuti ndikusunga mtima wa amayi. Zoona zake, ndinkasunga nkhope yanga.

Chaka chachinayi, mvula itangoyamba, amayi anadwala chifuwa. Ku chipatala cha mishoni anawagoneka masabata awiri, kenako iwo anati akufuna kwawo. Loweruka lina masana ndinawapeza atagona pamphasa m'nyumba, mlongo wanga atapita kudambo. Nsomba ndinaipachika pakhomo.

"Tseka chitseko," anatero. Nditatseka anatambasula dzanja. "Ndipatse chimene unapeza."

"Chiyani, amayi?"

"Iwe kunama sudziwa, unatengera bambo ako. Chiyambire ntchito imene ija manja ako amanunkha nsomba, ngakhale kutchalitchi. Tsiku lija unabwera akununkhira sopo."

Ndinamasula lamba, ndinadula ulusi ndi mano. Anailandira, anaisisita ndi chala pamene panapindika, n'kunena mawu m'Chilomwe amene sindinawamvetse onse. Ndinagwada pambali pa mphasa, ndipo zonse zinatuluka: za kapitawo, za nsungwi imene ndinathyola, za kumtunda kumene ndinamutumiza.

"Ndikudziwa," anatero. "Anandiuza m'mawa womwewo, akuvala jekete. Ankaseka. Ankati achimwene andipatsa malo anga anga owedzera."

"Ndiye munkadziwa chiyambire?"

"Poyamba ndinkakana. Mayi amakana. Koma za sopo zija zitachitika, ndinaleka kudzinamiza."

"Nanga nsomba, amayi? Zaka zonsezi munkadyeranji?"

Anatsokomola nthawi yaitali, ndipo ndinawapatsa madzi.

"Ukuganiza kuti zinkatsika bwino kukhosi?" anatero. "Mwanaka, mwana wanga, ndinakubala ndine. Ndikanati ndadziwa, iwe ukanayamba kuzungulira njira ya kuseri kuti usaone nkhope yanga. Ukanatumiza mchere ndi mwana, ukanatumiza moni. Mmodzi madzi anali atatenga kale. Winayo ankabwera Loweruka ndi nsomba, n'kukhala pakhonde panga. Ndikanataya awiri?"

Ndinalira pamenepo monga sindinalirepo chikhalire, bambo wa ana, mutu uli pa mphasa ya amayi. Iwo anangondigwira pankhongo n'kudikira kuti ndimalize. Kenako anati ndikaitane amalume, ndipo anatchula okha nthochi yoti idulidwe, ya kuseri kwa nyumba, imene mng'ono wanga anabzala.

Thunthu tinaliika Lachiwiri, mendulo ili mkati mwa nsalu. Amayi sanathe kufika kumanda, koma anamva nyimbo ali pakhonde. Patatha masiku asanu ndi anayi tinakumba manda ena pambali pake.

Fungo la mkungudza sindinalimvenso pa damu, ngakhale ndinkalifunafuna chiperoni chikagwa. Bwana anandifunsa monga mwa nthawi zonse ngati chaka chimenecho ziliko, ndinati ziliko zambiri. Loweruka loyamba nditabwerera ku ntchito ndinawonjola mlamba wonenepa, ndinautumbula, ndinautsuka, ndinaupisa luzi m'makha n'kuyamba kuyenda. Ndinazindikira nditaoloka kale msewu, denga la amayi likuonekera patsogolo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, nsomba ikudontha madzi pa phazi langa, ndilibe woipatsa.